Mmene Mungasinthire CV Kuti Igwirizane ndi Ntchito Imene Mukufunsira Popanda Kunama

Munthu wosankha ma CV amakhala ndi mapepala awiri patsogolo pake: chilengezo cha ntchito chimene kampani yake inatulutsa, ndi CV yanu. Maso ake amadumpha uku ndi uku, kufufuza ngati zimene anapempha zikuoneka mwa inu. Akapanda kuziona msanga, amaika pepala lanu pambali n'kutenga lina, ngakhale zinthuzo zilimo ndithu koma zabisala pansi pa tsamba lachiwiri. N'chifukwa chake CV imodzi yomangotumiza paliponse siifika patali.

Posintha CV mumachita zinthu zitatu basi. Mumasankha zoti zilowe mwa zimene munachitadi, mumazisanja kuti zofunika kwambiri zikhale pamwamba, ndipo mumazitchula ndi mawu amene olemba ntchitowo amawazindikira. Koma pali zinayi zimene sizisuntha, kaya mukufunsira ntchito yanji: dzina la kumene munagwira, udindo umene munali nawo, masiku amene munayamba ndi kusiya, ndi maphunziro amene munamaliza. Mukayamba kukhudza zinayizi, mwachoka pa kusintha, mwalowa m'bodza. Zitsanzo za m'munsimu taziika m'Chichewa kuti zimveke, koma CV yeniyeniyo muilembe m'chinenero chimene chilengezo chalembedwera.

Choyamba: mangani nkhokwe

Musanaganize za ntchito ina iliyonse, tsegulani fayilo imodzi ndi kulembamo zonse zimene munagwirapo. Fayilo imeneyi simudzaitumiza kwa aliyense, choncho ikafika masamba 6 kapena 8 palibe vuto. Ndi nkhokwe yanu, mozikatapa nthawi iliyonse mukafuna CV yatsopano.

Pa ntchito iliyonse lembani dzina lonse la kampani kapena bungwe, udindo wanu monga unalembedwera pa kalata yokulembani ntchito kapena pa pepala la malipiro, mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi kusiya, komanso udindo wa amene ankakuyang'anirani. Kenako lembani zonse zimene munkachita, ngakhale zooneka zazing'ono: kutseka kaundula wa ndalama madzulo, kuphunzitsa obwera kumene, kuyankha makalata a madandaulo, kukonza makina osindikizira akakana. Zazing'onozi ndi zimene nthawi zambiri zimadzagwirizana ndi ntchito ina imene simunaiganizirepo. Musaiwale ntchito zongodzipereka, ntchito za kanthawi kochepa, ndi bizinesi yanu ngati munachitapo.

Pambali pa chinthu chilichonse lembani kumene kuli umboni wake. Mwina ndi lipoti la pamwezi, imelo yoyamikira, satifiketi, kapena munthu amene anaona ndi maso. Musatope nazo zimenezi. Pakapita zaka zitatu mutu umayamba kukometsa nkhani: gulu la anthu 4 limasanduka 10, ntchito imene munathandizako imasanduka yanu. Anthu ena amene amapezeka ndi zabodza pa CV sanakhale pansi n'kukonza bodza, anangodalira kukumbukira. Muziwonjezera m'nkhokwemo miyezi itatu iliyonse, kapena mukangomaliza ntchito yaikulu, manambala akadali pafupi.

Chachiwiri: werengani chilengezo muli ndi cholembera m'manja

Chisungeni kaye. Koperani mawu onse m'fayilo kapena chijambuleni, chifukwa tsiku lotsekera likadutsa zilengezo zambiri amazichotsa pa intaneti, ndipo mudzachifuna pokonzekera intaviyu.

Powerenga, gawani zimene alemba m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi zimene akuti munthu ayenera kukhala nazo. Lachiwiri ndi zimene akuti zingakhale zabwino munthu atakhala nazo. Lachitatu ndi ntchito zimene muzikagwira tsiku ndi tsiku. Dulani mzere pansi pa mawu amene abwerezedwa kawiri kapena katatu, ndipo onani zimene aziika poyambirira pa mndandanda. Kawirikawiri zinthu zitatu kapena zinayi zoyambirirazo ndi zimene zikuwasowetsa tulo, ndipo zakumapeto amangokopera pa zilengezo zakale.

Tsopano tengani pepala, mulidule pakati ndi mzere. Kumanzere lembani chimene akufuna, chimodzi pa mzere uliwonse. Kumanja lembani chimene chili m'nkhokwe yanu choyankha chofunacho. Mukatero ikani chizindikiro: ndili nacho, ndili ndi chofanana nacho, kapena ndilibe. Dzichitireni chilungamo pa gulu lapakatilo, chifukwa ndi pamene munthu amadzinamiza. Kugwiritsa ntchito QuickBooks pamene iwo akufuna Sage, onse awiri ali mapulogalamu osungira mabuku a ndalama, ndi chofanana nacho. Kukhala m'chipinda chimodzi ndi munthu amene ankagwiritsa ntchito Sage ndi ndilibe.

Pepala limeneli likuuzaninso ngati n'koyenera kufunsira n'komwe. Ngati chikusowa ndi chilolezo chimene lamulo limafuna, monga kulembetsedwa ku bungwe la anamwino, laisensi ya galimoto ya kalasi inayake, kapena chiphaso cha akauntanti, palibe luso la kalembedwe lingatseke dzenjelo. Sungani mphamvu zanu. Koma ngati akufuna zaka 5 inu muli ndi 3 ndi theka, ndipo zina zonse zofunika muli nazo, funsirani, masiku anu mutawalemba monga alili. Olemba ntchito amatha kufewetsa okha pa zaka akaona kuti munthu ntchitoyo akuidziwa. Chimene sakhululuka n'kupeza kuti zakazo munazikoka nokha.

Chachitatu: sankhani ndi kusanja

Koperani nkhokwe ija m'fayilo yatsopano, muyambe kuchotsa. Ntchito zikhale zosanjidwa kuyambira yaposachedwa kubwerera m'mbuyo. Pa ntchito imene mukugwira pano kapena yomaliza, siyani mizere 4 mpaka 6. Pa yapambuyo pake, 3 kapena 4. Zakale kwambiri mzere umodzi kapena iwiri, ndipo zimene zapitirira zaka 10 mpaka 15 mungathe kungotchula kampani, udindo ndi masiku. Pansi pa ntchito iliyonse, mzere woyamba ukhale umene ukuyankha chofuna choyamba cha pa chilengezo, ngakhale sichinali chimene chinkakudyerani nthawi yambiri.

Apa ena amafunsa ngati kusiya zinthu si kunamanso. Pa CV ayi. Aliyense amadziwa kuti CV ndi chidule, si mbiri yonse ya moyo wa munthu, ndipo ntchito ya miyezi iwiri imene siikukhudzana ndi imene mukufunsira mungaisiye. Malire ali pawiri. Mukachotsa ntchito, musatalikitse masiku a ntchito zoyandikana nayo kuti mutseke mpata umene watsala. Ndipo fomu yofunsira ntchito ndi nkhani ina. Ngati fomu ikuti lembani ntchito zonse za zaka 5 zapitazi, kapena ikufunsa ngati munachotsedwapo ntchito, ndipo pansi pake mukusaina kuti zonse n'zoona ndi zokwanira, kusiya chinthu pamenepo n'kunama. Fomu yosainidwa imalowa m'fayilo yanu ya kuntchito ndipo imakhala momwemo zaka zonse zimene mungagwire.

Chachinayi: lembaninso mizere

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndiponso pamene anthu ambiri amaterereka.

Tiyerekeze kuti munthu wagwira zaka zitatu m'sitolo ya zipangizo zomangira ngati wogulitsa, ndipo waona chilengezo chofuna kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu. Chilengezocho chikufuna wodziwa kuwerenga katundu, kulandira katundu kwa operekera, ndi kulemba malipoti mu Excel. CV yake yakale ikunena kuti:

"Kugulitsa katundu ndi kuthandiza makasitomala."

N'zoona, koma sizikuyankha chilichonse. Atabwerera m'nkhokwe, akupeza zinthu zimene ankachita koma sankaziwerengera, ndipo mizere yake ikukhala motere:

"Kuwerenga katundu kumapeto a mwezi uliwonse pamodzi ndi woyang'anira sitolo, mitundu pafupifupi 400, ndi kuyerekeza ndi zimene zili mu kompyuta."

"Kulandira katundu kwa operekera kawiri pa sabata, kumuyerekeza ndi invoisi, ndi kulemba wosowa kapena wowonongeka."

"Kulemba mu Excel mndandanda wa katundu amene watsala pang'ono kutha, Lachisanu lililonse."

Palibe chimene wawonjezera. Udindo wake udakali wogulitsa, ndipo mzere wa kugulitsa ungotsikira pansi pa itatuyi. Mzere umene sayenera kulemba ndi uwu: "Kuyang'anira nyumba yosungiramo katundu." Ukuoneka ngati kusiyana kwake n'kochepa, koma ku intaviyu adzamufunsa kuti anali ndi anthu angati pansi pake, ankaitanitsa katundu pogwiritsa ntchito njira yanji, ndipo katundu akasowa ankayankha ndani. Funso lachitatu lisanathe, lilime layamba kulemera.

Chinsinsi chili m'mneni amene mwasankha. Aneni a pa CV ali ngati makwerero. Pansi pali "kuonerera" kapena "kuphunzira". Pamwamba pake "kuthandiza". Kenako "kuchita" nokha. Pamwamba penipeni "kutsogolera" kapena "kuyambitsa". Pa chinthu chilichonse, imani pa sitepe imene munaimadi. Dzifunseni kuti zinthu zikanalakwika, akanaitanidwa ku ofesi ya bwana ndani. Ngati ndi inu, munkatsogolera. Ngati ndi wina, munkathandiza. Ndipo musadziderere, chifukwa vutoli lili mbali zonse. Alipo anthu amene anayendetsa ntchito yonse okha koma amalemba "kuthandiza" poopa kuoneka odzitama. Nakonso n'kulemba zimene sizinachitike, kungoti wopwetekeka ndinu.

Manambala amapatsa mzere kulemera, koma aliyense mwa iwo akhale woti mungafotokoze kumene anachokera. Ngati lipoti la pamwezi linkatenga masiku 10 ndipo mutakonza njira yake linayamba kutenga 6, lembani zomwezo, kuchoka pa masiku 10 kufika pa 6. N'chimodzimodzi ndi kunena kuti nthawi inachepa ndi 40 peresenti, koma masiku ndi osavuta kuwaikira kumbuyo mukafunsidwa. Pamene mulibe nambala yeniyeni, werengerani kuchokera pa zimene mukudziwa: makasitomala 30 mpaka 40 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, ndiye pafupifupi 150 pa sabata. Tengani nambala yam'munsi ndipo ikani mawu akuti "pafupifupi" kapena "oposa". Ngati palibe poyambira, siyani nambalayo, mungofotokoza kukula kwa ntchito m'mawu.

Zotsatira za gulu zilembedwe ngati za gulu, kenako mutchule gawo lanu: "M'gulu la anthu 5 limene linasamutsa kaundula wa odwala kuchoka pa mapepala kupita mu kompyuta, ine ndinali woona kuti mayina sakubwerezedwa." Mzere wotere umakhulupirika kuposa wa munthu amene akuoneka ngati anachita zonse yekha. Samalaninso zinsinsi za kumene munkagwira. Phindu la kampani, mayina a makasitomala ndi mitengo ya m'mapangano si zanu zoti muzigawa. Mungathe kunena "kampani yaikulu ya zamtengatenga" m'malo motchula dzina. Wolemba ntchito wanzeru akaona zinsinsi za ena pa CV yanu amadziwa kuti zake nazo zidzatuluka chimodzimodzi.

Chachisanu: udindo, masiku ndi maphunziro

Mayina a maudindo amasiyana kampani ndi kampani, ndipo nthawi zina dzina limene munapatsidwa silinena chimene munkachita. Njira yake n'kusiya dzina lenilenilo pamalo pake, n'kuwonjezera mawu ofotokoza pambali. Ngati pa kalata yanu panalembedwa Office Assistant koma munkakonza malipiro a antchito 25, lembani Office Assistant, kenako mzere woyamba unene za malipirowo. Musasinthe kukhala Payroll Officer. Olemba ntchito akaimbira foni kumene munkagwira, zinthu ziwiri zimene amatsimikizira mosavuta ndi udindo ndi masiku, chifukwa zili m'kaundula, ndipo amene akuyankha foniyo mwina sakukudziwani n'komwe. Amangowerenga zimene zalembedwa. Ngati munagwirizira udindo wa bwana wanu ali kutchuthi, lembani kuti munagwirizira, ndi miyezi yake.

Masiku alembedwe ndi mwezi ndi chaka, m'njira imodzi pa CV yonse. Kulemba zaka zokha kumabisa zambiri, ndipo osankha ma CV amadziwa zimenezo. "2021–2022" ingathe kutanthauza zaka ziwiri zathunthu, ingathenso kutanthauza Disembala 2021 mpaka Januwale 2022. Mpata wa miyezi itatu kapena inayi pakati pa ntchito sufuna kufotokoza. Wautali kuposa miyezi 6 upatseni mzere umodzi wachidule pamalo pake: "Malichi 2020 – Juni 2021: kusamalira wodwala pabanja", kapena "kufunafuna ntchito ndi kuchita maphunziro a kompyuta". Simukakamizidwa kunena matenda anu kapena nkhani za m'nyumba mwanu. Kusunga chinsinsi n'kololedwa, chosaloledwa n'kupeka ntchito imene kunalibe kapena kulemba kampani ya m'bale wanu imene simunagwireko.

Pa maphunziro koperani dzina la satifiketi, dipuloma kapena digiri monga lilili pa pepala. Ngati simunamalize, nenani: "Ndinaphunzira zaka 2 mwa 4, 2016–2018, sindinamalize." Ngati mudakali pasukulu, lembani mwezi ndi chaka chimene mukuyembekezera kumaliza. Kungolemba dzina la yunivesite ndi zaka, n'kusiya kuti wowerenga aganize yekha kuti digiri ilipo, ndi bodza lomwelo lovala jekete. Kosi ya masabata 6 ya pa intaneti, monga za pa Coursera kapena edX, iikeni pansi pa mutu wa makosi afupiafupi ngakhale ili ndi dzina la yunivesite yotchuka, osati pamodzi ndi madigiri. Chiphaso chimene chinatha nthawi chilembedwe ndi chaka chimene chinathera.

Bodza la maphunziro ndi loipa kuposa ena onse chifukwa silikalamba. Marilee Jones, amene anali mkulu woona zolemba ophunzira atsopano pa yunivesite ya MIT ku America, anatula pansi udindo mu Epulo 2007 atavomera kuti ananama za madigiri ake pamene ankafunsira ntchito kumeneko mu 1979. Zaka 28 za ntchito sizinafafanize mzere umodziwo. Scott Thompson anakhala mkulu wa kampani ya Yahoo kuyambira Januwale mpaka Meyi 2012 basi, zitadziwika kuti mbiri yake inkanena za digiri ya akaunti ndi sayansi ya kompyuta pamene iye anali ndi ya akaunti yokha. Onani kuti theka la mzerewo linali loona. M'mayiko ena nkhaniyi imafika ndi kukhoti: ku England ndi Wales, lamulo la Fraud Act la 2006 limati kunena zabodza n'cholinga chopeza phindu ndi mlandu, ndipo chilango chake chachikulu ndi zaka 10 kundende.

Chachisanu ndi chimodzi: luso, mawu a pa chilengezo ndi makina osefa

Mndandanda wa luso ukhale waufupi, zinthu 6 mpaka 10, zonse zochokera pa pepala lanu la kumanzere ndi kumanja lija. Mawu ngati "wolimbikira" kapena "wogwirizana ndi anthu" sathandiza, aliyense amalemba. M'malo monena kuti mumadziwa Excel kwambiri, tchulani zimene mumachitamo: ma pivot table, VLOOKUP, ma graph. Chimene mwalemba chikhale choti atakupatsani kompyuta pompo mungachichite popanda kufufuza pa intaneti, chifukwa malo ena amayesadi. Pa zinenero, muyeso wa ku Ulaya wa CEFR uli ndi magawo 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo ngati simunayesedwepo ingonenani zimene mungathe: kuwerenga, kucheza, kapena kulemba lipoti. Wofunsa mafunso angathe kungosintha chinenero pakati pa intaviyu.

Makampani ambiri aakulu amalandira ma CV kudzera m'mapulogalamu otchedwa ATS, monga Workday, Taleo ndi Greenhouse. Pulogalamuyo imatenga mawu a m'fayilo yanu n'kuwaika m'magawo, ndipo wolemba ntchito amatha kufufuza anthu pogwiritsa ntchito mawu enaake. Choncho ngati chimene inu mumachitchula mwanjira ina iwo achitchula mwanjira yawo, ndipo ndi chinthu chimodzi, tengani mawu awo. Dzina lofupikitsidwa lilembeni kamodzi lonse, chifukwa simudziwa limene adzafufuze. Mitu ya zigawo ikhale yozolowereka. Pewani matebulo, timabokosi ta mawu, zithunzi ndi kugawa tsamba m'mizati iwiri, ndipo nambala ya foni ndi imelo musaziike m'kachigawo ka pamwamba penipeni pa tsamba kotchedwa header, popeza mapulogalamu ena sawerengamo. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani PDF yanu, sankhani mawu onse, muwakopere mu pulogalamu yolembera ya Notepad. Akatuluka osokonekera kapena osatuluka n'komwe, monga zimachitikira ndi CV yojambulidwa pa foni kapena pa sikana, makinawo nawonso aona zomwezo.

Pali njomba ina imene imafala, yokopera chilengezo chonse pansi pa CV ndi zilembo zoyera kuti munthu asazione koma makina aziwerenge. Musayese. Pulogalamu ikachotsa mitundu, mawu onsewo amaonekera poyera pa sikirini ya wolemba ntchito.

Mapulogalamu ngati ChatGPT angakuthandizeni kufupikitsa mizere ndi kukonza galamala, koma mukawauza kuti agwirizanitse CV ndi chilengezo, amakonda kukweza aneni pa makwerero aja ndi kuikamo manambala amene simunawapatse. Werengani mzere uliwonse umene akubwezerani, muuyerekeze ndi nkhokwe. Dzina limene lili pamwamba pa pepalalo ndi lanu.

Chidule cha pamwamba, mizere 3 kapena 4 yonena kuti ndinu ndani pa ntchito, zaka zingati, ndi zinthu ziwiri zimene zikuyankha chilengezo, muchilembe pomaliza. Chilichonse chimene chili m'chidulemo chikhale ndi umboni wake m'munsi. Masamba akhale awiri kapena limodzi, zilembo za saizi 10 ndi theka mpaka 12 ngati Calibri kapena Arial, ndipo m'mbali musiye pafupifupi masentimita 2. Za chithunzi, zaka zakubadwa ndi za banja zimasiyana dziko ndi dziko. Ku America ndi ku Britain kawirikawiri saziika. Tsatirani zimene chilengezo chapempha.

Zimene mulibe

Mizere ija munalemba kuti ndilibe siilowa pa CV. Ngati chosowacho n'chachikulu moti adzachiona ndithu, chitchuleni kamodzi m'kalata yofunsira ntchito, mwachidule, n'kuikapo chimene muli nacho. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. "Sindinagwiritsepo ntchito Sage, koma ndasunga mabuku a ndalama mu QuickBooks kwa zaka zitatu, kuphatikizapo kuyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse." Musapepese, musabwereze. Ngati mwayambadi kuphunzira chinthucho, lembani kuti mukuphunzira ndi tsiku limene munayamba. Kulembetsa kosi usiku woti mawa mutumiza CV n'kulemba kuti mumachidziwa sikuwerengedwa.

Musanatumize

Sindikizani CV pa pepala, mutenge mzere uliwonse paokha, n'kudzifunsa mafunso asanu amene wofunsa wochenjera angafunse: zinachitika liti, munali ndi ndani, inuyo munachita chiyani kwenikweni, chinavuta n'chiyani, nambalayi inachokera kuti. Mzere umene mukuchita nawo chibwibwi utsitseni sitepe imodzi kapena uchotseni. Kenako yerekezani kuti bwana wanu wakale akuwerenga muli pomwepo. Pamene mungayang'ane pansi, pakonzeni.

Onani kuti maudindo ndi masiku akufanana ndi zimene zili pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti loikapo mbiri ya ntchito, ndi pa fomu ya pa intaneti. Kutsindika kungasiyane, koma zinayi zosasuntha zija zifanane paliponse. Izi n'zofunika kwambiri mukamafunsira ntchito ziwiri pa kampani imodzi, chifukwa ma CV onse awiri amakhala pansi pa dzina lanu m'pulogalamu imodzi.

Anthu okuchitirani umboni apempheni kaye, ndipo atumizireni chilengezo pamodzi ndi CV imene mwatumizayo, kuti foni ikalira asadzidzimuke. Lembani ubale wanu weniweni ndi iwo. Mnzanu wa kuntchito ndi mnzanu wa kuntchito, musamusandutse bwana.

Fayilo ipatseni dzina lanu ndi mawu akuti CV, osati "yatsopano 3". Kwanuko sungani kope lililonse ndi dzina la kampani ndi tsiku, ndipo mukhale ndi kaundula wamng'ono wonena kuti CV iti inapita kuti. Kuitanidwa ku intaviyu kumatha kubwera patapita miyezi iwiri, mutatumiza kale ma CV ena 15, ndipo usiku woti mawa mukupita muyenera kuwerenga yeniyeni imene ili m'manja mwawo.

Mukazindikira mutatumiza kale kuti munalakwitsa chaka kapena udindo, konzani tsiku lomwelo, musadikire kuti akufunseni. Imelo ya mizere itatu ikwanira: "Pa CV imene ndinatumiza pa 4 Meyi ndinalemba kuti ndinayamba ntchito yanga yomaliza mu Juni 2019. Chaka cholondola ndi 2020. Ndaphatikiza CV yokonzedwa." Ngati munatumiza kudzera pa fomu ya pa intaneti imene siilola kusintha, lemberani ku adilesi imene ili pa chilengezo ndipo mutchule nambala ya ntchitoyo pa mutu wa imelo. Mukatero konzaninso m'nkhokwe muja, kuti cholakwikacho chisatulukenso pa CV yotsatira.